ZA KUTAMANDA MULUNGU M'MASIKA NDI M'NJALA

Phunziro la mwezi uno, la Akristu ndi a m'klasi okhala m'midzi ya ku Nselema

Abale ndi alongo athu mwa Ambuye, phunziro la mwezi uno liri la chinthu chimene tichita Sabata ndi Sabata, koma kawirikawiri osachilingalira. Tikalowa m'nyumba ya Mulungu, mkulu wa mpingo atiitana kuti titamande Mulungu. Ndipo tiimirira, titsegula buku, tiyimba. Koma mwana wa m'klasi akatifunsa kuti, Kodi kutamandako n'chiyani, ndipo Mulungu apindula nako chiyani? ambiri a ife tisowa choyankha. Liriponso funso lina lolemera koposa, limene anthu salinena pamsonkhano, koma alinena mumtima m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene nkhokwe yatha ndipo chimanga cha m'munda chisanakhwime: Kodi munthu wogona ndi njala ayenera kutamandanso? Ngati chitamando chathu chitha pamodzi ndi ufa wa m'dengu, ndiye kuti sitinadziwe chimene tinalikuchita. Chifukwa chake tiyeni tiphunzire nkhani iyi mofatsa.

1. KUTAMANDA N'CHIYANI

M'chinenero chathu tiri nao mau atatu oyandikana, ndipo tikawasiyanitsa njira idzaoneka.

Oyamba ndiwo kuthokoza, kumene abale athu Ayao ati kutogolela. Tithokoza munthu chifukwa cha chinthu chimene watipatsa. Mlamu akatibwereka khasu, kapena mnansi akatigawira matemba, tiomba m'manja ndi kunena zikomo.

Achiwiri ndiwo kulemekeza. Tilemekeza munthu chifukwa cha malo ake. Mwana agwada popereka madzi kwa atate wake, angakhale tsiku limenelo sanalandire kanthu kwa iwo.

Achitatu ndiwo kutamanda, ndiko kunena poyera, ena alikumva, ubwino umene uli mwa munthu. Tikaona bwato pa nyanja ya Chiuta losemedwa bwino, losapendekeka ndi losalowa madzi, tinena kuti mmisiri amene analisema adziwa nchito yake. Ndipo titero lingakhale bwatolo siliri lathu, ndipo sitidzakweramo konse. Sitinalandire kanthu, koma tinaona choona, ndipo pakamwa panakana kukhala chete.

Tsono onani kusiyana kwake. Wothokoza apenya mphatso, koma wotamanda apenya mwini mphatso. Mphatso isinthika: chaka chino matumba khumi, chaka chamawa atatu. Koma Mwini mphatso sasinthika. Mkristu ayenera kuchita zonse zitatu kwa Mulungu. Koma chimene chidzamuimiritsa m'chaka choipa ndicho chachitatu.

Makolo athu sanali osadziwa konse za Mulungu. Anamutcha Namalenga, pakuti analenga, anamutcha Mphambe, pakuti anamva mphamvu yake m'ziphaliwali, anamutchanso Chauta. Mvula ikachedwa anasonkhana pa kachisi, nathira nsembe, naomba m'manja. Chimene iwo sanamve, ndipo ife tamva, ndicho chakuti Mlengi yemweyo anasendera pafupi, nabadwa munthu, nafera ochimwa, nauka kwa akufa. Chotero chitamando cha Mkristu chiima pa nsanamira ziwiri: Mulungu anatilenga, ndipo Mulungu anatiombola. Palibe chilala kapena chigumula chingazule nsanamira izi.

Nanga Mulungu apindulanji? Tinene mosabisa: sapindula kanthu. Dzuwa siliwala koposa chifukwa tambala walira. Opindula ndife, pakuti munthu amene sanena zabwino zimene aona, posachedwa aleka kuziona. Ndipo kutamanda sikuli msonkho. Mwana akabadwa bwino, palibe alamulira amai a m'mudzi kuti aimbe nthungululu. Ituluka yokha, ndipo chimwemwe chikhala chosakwanira kufikira itamveka. Mau aja tiwadziwa tonse, akuti Haleluya, ndiwo a Chihebri, ndipo aitana anthu ambiri kuti atamande Yehova. Sali mau a munthu wonong'ona yekha. Ali mau a munthu woitana anzake kuti adzaone chimene iye waona.

2. KUTAMANDA SI MALONDA

Chiripo chinthu chofanana ndi kutamanda monga namsongole afanana ndi mpunga usanabereke, ndicho kusyasyalika. Munthu wofuna munda apita kwa mfumu, nayamba kunena za nzeru zake ndi chifundo chake. Koma mtima wake uli pa dimba lija la kudambo. Akalandira, mau ake atha. Akamanidwa, atuluka alikutukwana. Mfumu yanzeru izindikira munthu wotere asanamalize kulankhula. Kodi Mulungu, amene aona mumtima, adzanyengedwa?

Masiku ano timva ena alikuphunzitsa, pa wailesi ndi m'misonkhano, kuti ukayimba kolimba ndi kupereka ndalama zambiri, Mulungu adzakubwezera chuma, nadzakutsekera matenda onse pakhomo. Abale, chenjerani. Chiphunzitso ichi chisandutsa nyimbo kukhala chithumwa, ndipo chisandutsa nyumba ya Mulungu kukhala msika. Choipa chake chachikulu chioneka pa tsiku la tsoka. Pakuti mai amene anayimba ndi kupereka, mwana wake namwalirabe, adzaganiza kuti mwina iye sanayimbe mokwanira, kapena kuti Mulungu anamdyera. Zonse ziwiri ziri zabodza, ndipo zonse ziwiri zipha chikhulupiriro.

Kumbukirani chiyambi cha buku la Yobu. Mlandu umene Satana anadza nao unali womwewu, wakuti Yobu aopa Mulungu chifukwa cha malipiro, ndipo kuti zoweta ndi ana zikachotsedwa, ulemu wake udzasanduka mwano. Buku lonselo liyesa mlandu umenewo. Ndipo mlanduwo sunathe ndi Yobu. Uzengedwa ndithu pa khomo la Mkristu ali yense m'chaka cha njala.

Chiriponso chinyengo china chobisika koposa. Pa Luka 18 Ambuye anena za Mfarisi amene anayamba pemphero lake ndi dzina la Mulungu, koma zonse zotsatira zinali za iye mwini: kusala kwake, chakhumi chake, ndi kuposa kwake anthu ena. Ifenso tikaimirira kuchita umboni mumpingo, tidziyese. Anthu akatuluka alikunena za ife, za malata athu atsopano ndi njinga yathu, ndiye kuti tadzitamanda tokha, dzina la Mulungu tinangolivala ngati malaya.

3. ANACHIRA KHUMI, ANABWERERA MMODZI

Tsegulani Luka 17. Ambuye analikuyenda m'malire a Samariya ndi Galileya, ndipo amuna khumi akhate anaima patali, napfuula kupempha chifundo. Anawatuma kwa ansembe, ndipo ali m'njira anaona kuti khungu lao layera. Mmodzi yekha anabwerera, alikulemekeza Mulungu ndi mau okweza, nagwa pa mapazi a Yesu. Ndiye Msamariya, munthu wa mtundu wonyozeka pamaso pa Ayuda.

Nthenda iyi siiri yachilendo kwa ife. Akuluakulu akumbukira midzi ya odwala khate imene amishoni anasunga ku Utale m'dziko la Balaka, ndi ku Likwenu pafupi ndi Malosa, ndi momwe munthu analekana ndi mkazi wake ndi ana ake kupita kukakhala kumeneko. Lero khate lichira ndi mankhwala a kuchipatala, ndipo ichi chokha chiyenera nyimbo. Koma amene anaona masiku aja adziwa chimene amuna khumi aja analandira: si khungu lokha ai, koma mudzi, ndi banja, ndi kudya m'mbale imodzi ndi anthu.

Tisafulumire kuwaweruza asanu ndi anai aja. Sanachite choipa chooneka. Anamvera lamulo, napita kwa ansembe, nathamangira kwao. Ndipo kapena anakondwa mumtima. Koma mphatso inadzaza maso ao, ndipo Wopatsayo anatsala m'mbuyo pa mseu. Momwemo tichita ife. Pamene mwana ali m'chipatala tiitana akulu a mpingo ndi amai a Mvano, ndipo mapemphero sadukiza; mwana akatuluka, tibwerera kumunda, osanena kanthu. Popempha tinali khumi. Potamanda tiri angati?

Onaninso ichi, kuti onse khumi anachira m'thupi, koma wobwererayo yekha ndiye anaonana ndi Ambuye maso ndi maso, namva mau onena za chikhulupiriro chake. Kutamanda ndiyo njira yobwerera kuchokera ku mphatso kunka kwa Mwini wake.

4. KUTAMANDA M'CHAKA CHOIPA

Tsopano tifike pa funso lolemera lija. Dziko lathu lino lidziwa njala. Agogo athu anasimba za njala ya 1949. Ambiri a ife tinaona ya 2002. Nyanja ya Chilwa, imene idyetsa midzi yambiri ndi matemba, makumba ndi milamba, inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato anagona pa matope ouma. M'mwezi wa Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa nyumba ndi kukokolola minda m'chigawo chino cha kum'mwera, napha anthu mazanamazana. Ndipo chaka chotsatira, mu 2024, mvula inadula pakati pa dzinja, kotero kuti boma linalengeza tsoka m'maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino. Chaka china madzi achuluka, chaka china asowa. Munthu wolima mpunga kudambo kapena wopalasa bwato pa Chiuta sasowa womuuza kuti moyo wake upachikika pa mitambo.

Kodi tsono Mulungu afuna kuti tiseke pamene mtima ulikulira? Iai. Buku la Masalmo liri ndi nyimbo 150, ndipo Ahebri analitcha lonse ndi dzina lotanthauza matamando. Koma mukaliwerenga mudzapeza kuti zambiri za nyimbozo ziri za kulira, za munthu wodwala, wothamangitsidwa, wofunsa Mulungu chifukwa chake achedwa. Salmo 88 liyamba ndi kulira, litha ndi mdima, wopanda mau otonthoza pa mapeto ake. Ndipo Mzimu wa Mulungu sanalichotse m'buku la matamando. Ichi chitiphunzitsa kuti kulira ndi kutamanda sizidana.

Chimene chidana ndi kutamanda ndicho kung'ung'udza. Wolira alankhula ndi Mulungu. Wong'ung'udza alankhula za Mulungu kumbali, atamfulatira. Mwana wolira pa chifuwa cha amake avomereza ndi kulira komweko kuti awa ndiwo amake. Yobu anadandaula mitu yambiri ya buku lake, nanena mau akuwawa, koma nkhope yake inapenya kwa Mulungu. Ndipo potsiriza Mulungu anadzudzula abwenzi ake olankhula zosalala, osati iye. Koma Aisrayeli m'chipululu anang'ung'udza m'mahema mwao, nakumbukira miphika ya ku Aigupto, naiwala nyanja imene anaoloka pouma.

Mneneri Habakuku, pa mapeto a buku lake, awerenga zinthu zonse zimene mlimi wa dziko lake anadalira, mitengo ya zipatso, minda ndi makola, naziyesa zonse zitalephera pamodzi. Ndipo atatha kuwerenga anena kuti adzakondwerabe mwa Mulungu. Tikanena m'mau a kwathu kuno, ndiko kuti: chimanga chapserera, mpunga sunabereke, nandolo wagwa mtengo, nyanja yaphwa, mbuzi zatha ndi nthenda. Mneneri sabisa kanthu ka izi. Koma pa zinthu zonse zimene zinatayika, Mulungu sanali m'gulu lao.

Penyaninso Paulo ndi Sila pa Machitidwe 16. M'mudzi wa Filipi anakwapulidwa, naponyedwa m'chipinda cha m'kati cha ndende, mapazi ao atamangidwa. Ndipo pakati pa usiku analikupemphera ndi kuyimba. Ena aphunzitsa nkhani iyi ngati kuti nyimbo ndiyo kiyi yotsegula ndende. Koma werengani bwino. Pamene anayamba kuyimba sanadziwe kuti chivomezi chirinkudza. Ndipo makomo atatseguka sanathawe. Sanayimbe kuti atuluke. Anayimba chifukwa Mulungu amene anamtumikira m'mawa, asanakwapulidwe, anali yemweyo usiku. Ndipo akaidi ena analikumva, ndi mdindo wa ndende anabatizidwa usiku womwewo pamodzi ndi a pabanja pake.

Koposa onse, Ambuye mwini. Marko 14 atiuza kuti atatha Mgonero, usiku umene anaperekedwa, iye ndi ophunzira ake anayimba nyimbo asanatuluke kunka ku phiri la Azitona. Mwambo wa Ayuda pa Paskha ndiwo kuyimba Masalmo 113 kufikira 118, ndiwo masalmo a chitamando. Anadziwa za mtanda, ndipo anayimba.

Chinthu ichi tichidziwa kale, tingakhale sitinachitche dzina. Pa maliro a Mkristu tichezera usiku wonse ndi nyimbo. Namfedwa sangathe kuyimba. Mau ake atsekeka ndi misozi. Ndipo sitimkakamiza. Amai a Mvano ndi anyamata a kwaya amyimbira, kufikira tsiku limene mau ake adzabwerera. Mutu umodzi susenza denga, ndipo chitamando cha m'chaka choipa ndi denga lolemera. Chifukwa chake musanene kwa wolira kuti, Leka kulira, tamanda Mulungu. Khalani naye pansi, yimbani inu, ndipo mumtengere ufa.

5. NDI CHINENERO CHITI, NDI NYIMBO ZOTANI

Mulungu safuna kuti timtamande ndi pakamwa pobwereka. Amene anadza ndi Uthenga m'dziko lino, ena a iwo anazindikira ichi msanga. Alexander Hetherwick, amene anayamba mishoni ya Domasi mu 1884, anaphunzira Chiyao nagwira nchito yomasulira Mau a Mulungu m'chinenero chimenecho. Buku la Nyimbo za Mulungu linatuluka mu 1916, ndipo Buku Lopatulika lathunthu mu 1922, kuti munthu wa m'mudzi awerenge ndi kuyimba m'mau a amake. Kumpoto, m'dziko la Angoni, Donald Fraser analimbikitsa Akristu kupeka nyimbo zao pa maimbidwe a makolo ao. Ndipo amuna monga Mawelera Tembo, Peter Thole ndi Charles Chinula anapeka nyimbo zimene ziyimbidwa kufikira lero. Abale athu a mpingo wa Katolika, utatha msonkhano wao waukulu wa ku Vatican wa 1962 kufikira 1965, anayamba kuchita mapemphero ao m'zinenero za anthu, ndi ng'oma ndi visekese. Ndipo ku Balaka gulu la Alleluya Band linayamba mu 1978 pansi pa bambo Mario Pacifici. Chotero Mkristu wa ku Nselema asachite manyazi kutamanda m'Chiyao, kapena m'Chilomwe, kapena m'Chinyanja. Mulungu amene anapatsa lilime amva zonse.

Koma pa nkhani ya maimbidwe mipingo yambiri igawikana, akulu mbali yao, achinyamata mbali yao. Akulu ati ng'oma, zoimbira za magetsi ndi kuvina zichotsa ulemu. Achinyamata ati nyimbo za m'buku zizizira ngati nsima ya dzulo. Mau a Mulungu ali ndi chonena kwa onse awiri.

Kwa akulu tinena: kumbukirani 2 Samueli 6, pamene Davide mfumu anavina ndi mphamvu yake yonse pamaso pa likasa, ndipo Mikala mkazi wake anampenya pa zenera, nampeputsa mumtima. Wolakwa sanali wovinayo. Ndipo Salmo lotsiriza liitana zoimbira za mitundu yonse, zoomba ndi pakamwa, za zingwe, ndi zogogoda.

Kwa achinyamata tinena: werengani 1 Akorinto 14, pamene Paulo alangiza kuti kuyimba kukhale ndi mzimu ndi nzeru pamodzi, ndi kuti zonse zichitike molongosoka, kuti mlendo wolowa amve ndi kupindula. Phokoso si chitamando. Zokuzira mau zikamiza mau a nyimbo, kotero kuti gogo wokhala kumbuyo sangathe kuvomera, ndiye kuti mpingo waleka kutamanda, wasanduka anthu oonerera.

Nayi miyeso itatu ya nyimbo iri yonse, yakale kapena yatsopano. Kodi inena zoona za Mulungu? Kodi mpingo wonse, ana ndi okalamba omwe, ungathe kuiyimba? Kodi ikatha, anthu akumbukira Mulungu kapena woyimbayo? Nyimbo yopambana miyeso iyi ilandiridwe, ingakhale idza ndi ng'oma kapena popanda ng'oma.

6. PAKAMWA NDI MANJA

Mneneri Amosi, pa mutu 5, anena mau oopsa: kuti Mulungu anakana kumva nyimbo za Aisrayeli ndi zoimbira zao, chifukwa pa bwalo la milandu anapondereza osauka ndi kulandira ziphuphu. Nyimbo zinali zokoma, koma Mulungu anazimva ngati phokoso. Yakobo nayenso, pa mutu 3, azizwa kuti lilime limodzi lomwelo lilemekeza Mulungu ndi kutemberera munthu wolengedwa m'chifanizo chake. Ati kasupe mmodzi sangatulutse madzi okoma ndi owawa pamodzi.

Tibwere nazo pafupi. Munthu amene atsogolera nyimbo pa Sabata, ndipo pa tsiku la msika agula nandolo wa amasiye ndi sikelo yokhota, kapena ayesa mpunga ndi chidebe chophwanyidwa pansi, chitamando chake chatsala pa msika pomwepo. Munthu wokongoza thumba limodzi m'Febuluwale kuti alandire awiri m'masika, alikudya njala ya mbale wake. Mwamuna woyimba bwino m'kwaya, namenya mkazi wake usiku, ana ake adzaphunzira kuti nyimbo ndi bodza. Kalata ya kwa Ahebri, pa mutu 13, itcha chitamando nsembe. Ndipo pomwepo, osapuma, iwonjeza za kuchitira ena zokoma ndi kugawana nao. Ziwirizi ndi mapasa.

Ndipo ife a kuno tiri ndi chifukwa china chakusamala. M'midzi yambiri ya Machinga Akristu ndife ochepa pakati pa abale athu Asilamu, ndipo kawirikawiri tiri a mbumba imodzi, akumwa pa chitsime chimodzi. Iwo amva kuitana kwa ku mzikiti kusanache, napemphera kasanu pa tsiku; ndipo mau a Chiarabu akuti Alhamdulillah, otanthauza kuti chitamando n'cha Mulungu, sachoka pakamwa pao, pa zokoma ndi pa zowawa pomwe. Tisiyana nao pa chinthu chachikulu, ndicho za Yesu Kristu, kuti ndiye yani, ndi chimene anachita pa mtanda. Ndipo ichi sitibisa. Koma khama lao litifunse ife: ngati mnansi wathu adzuka mumdima kukatamanda Mulungu, kodi ife amene tinena kuti Mulungu anatipatsa Mwana wake tidzamtamanda tsiku limodzi lokha pa masiku asanu ndi awiri? Anansi athuwa sawerenga Buku lathu, koma awerenga ife. Aona ngati sikelo yathu iri yolungama, ngati tifika pa maliro ao, ngati tigawana nao m'chaka cha njala osafunsa za chipembedzo. Monga akaidi a ku Filipi, alikumva. Tisayimbe mowaputa, kapena kupikisana nao ndi zokuzira mau. Komanso tisakhale chete chifukwa cha manyazi, pakuti mbewa ya manyazi inafera kuuna.

7. ZOYENERA KUCHITA

Kuti phunziro ili lisathere pa pepala, tipempha nyumba iri yonse iyese zinthu izi mwezi uno.

Choyamba: m'mawa, musanagwire khasu kapena nkhafi, nenani chinthu chimodzi choona cha Mulungu, musanampemphe kanthu. Kupempha kudze pambuyo.

Chachiwiri: madzulo, mutatha kudya, chingakhale chakudyacho chinali phala lokha kapena maungu, banja liyimbe nyimbo imodzi, ndipo wodziwa kuwerenga awerengere osadziwa. Yambani ndi Masalmo 146 kufikira 150. Koma tsiku lina werenganinso 42 ndi 88, kuti ana adziwe kuti m'nyumba ya Mulungu muli malo a misozi.

Chachitatu: amene anapempha mapemphero a mpingo pa matenda, pa ulendo wa ku Joni, kapena pa mayeso a mwana, abwerere kudzauza mpingo chimene Mulungu anachita. Anene mwachidule, ndipo dzina lomveka koposa likhale la Mulungu.

Chachinai: pa chopereka cha masika, wokolola zambiri adze nazo zambiri, ndi wokolola pang'ono asakhale kunyumba chifukwa cha manyazi, adze ndi chitsononkho chimodzi, kapena adze ndi mau ake okha. Ndipo akulu a mpingo akumbukire amasiye ndi okalamba pogawa zoperekazo.

Chachisanu: ngati muli ndi muyeso wonyenga, kapena mangawa a munthu wosauka amene mwawakanirira, konzani chimenecho Sabata lisanafike.

MAFUNSO A M'KLASI

1. Kodi kuthokoza, kulemekeza ndi kutamanda zisiyana bwanji? Perekani chitsanzo cha m'mudzi mwanu.

2. Nsanamira ziwiri za chitamando cha Mkristu ndi ziti, ndipo chifukwa ninji njala siingazizule?

3. Kodi amuna asanu ndi anai aja anataya chiyani posabwerera?

4. Kulira kusiyana bwanji ndi kung'ung'udza?

5. Paulo ndi Sila anayimba chifukwa ninji, popeza sanadziwe za chivomezi?

6. Kodi m'mudzi mwanu alipo yani amene sangathe kuyimba mwezi uno, ndipo mudzamchitira chiyani?

Abale, sitidziwa ngati mvula ya chaka chino idzagwa bwino, kapena ngati nyanja idzasunga madzi ake. Koma Iye amene tiyimbira tidziwa kuti ndiye yani. Mulungu atipatse mitima yobwerera monga Msamariya uja, kuti dzina lake limveke m'midzi yathu nkhokwe zitadzala, ndi pamene ziri zopanda kanthu. Mtendere wa Ambuye ukhale ndi inu nonse.